Chaka Chimene Mpira Unasiya Kufika kwa Shuta Wathu

Ukochi sindinaufune, unachita kundipeza. Mwana wanga wamkazi atalowa timu ya netibolo ya atsikana kuno ku Oadby, ku England, ntchito yanga inali kumutula pakhomo la holo Loweruka m'mawa, kupita kokagula zapakhomo, n'kubwerera kudzamutenga. Tsiku lina ndinabwerera msanga, ndinaima pakhomo n'kumaonerera, ndipo ndinalephera kuugwira mtima. Ndinakuwa m'Chichewa kuti, "Tsegula iwe, usaime ngati mtengo!" Kochi wa nthawi imeneyo, mayi wina wachizungu amene anali pafupi kusamukira ku Nottingham, anacheuka n'kundifunsa ngati ndinasewerapo. Ndinati ku sekondale kwathu ku Malawi ndinkasewera senta, pabwalo lafumbi, mizere yake yothira phulusa. Patatha mwezi anandisiyira wezulo, thumba la mipira ndi makiyi a kabati.

Pakati pa sabata ndimagwira ntchito mu famase, sitolo ya mankhwala, mumzinda wa Leicester, tsiku lonse chiimire kuseri kwa kauntala, ndiye Loweruka linasanduka tsiku langa lothamanga ndi kukuwa. Atsikana analipo khumi, a zaka khumi ndi zitatu ndi khumi ndi zinayi, ambiri a sukulu imodzi. Ena anali azungu, ena makolo awo anachokera ku India, ndipo akuda analipo awiri: mwana wanga, amene ankasewera senta ngati mayi ake, ndi difenda wathu, mwana wa mnzanga wa ku Zambia amene timapemphera naye tchalitchi chimodzi. Onse ankayankhula Chingerezi chokhachokha. Wangayo Chichewa amamva chonse, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Zimene ankanena ndaziika m'Chichewa muno, popeza ndi mmene zimabwerera ndikamazikumbukira.

Chuma cha timu yathu chinali shuta. Anali mtsikana wachizungu, wamtali, wosayankhulayankhula, wa tsitsi lofiirira limene ankalimanga ndi kalabala. Bambo ake, okonza mapaipi a madzi, ankamubweretsa pa vani yawo kuchokera ku Wigston. Akaima pansi pa golo n'kukweza manja, mpira ukangomufika, ine ndinkayamba kulemba chigoli asanaponye n'komwe. Iye ndi difenda uja anali pa ubwenzi wa ponda apa n'pondepo kuyambira ku pulayimale. Ankamwera botolo limodzi la madzi, ankagona kwa wina ndi mnzake, ndipo kangapo ndinawadzudzula chifukwa chonong'onezana ine ndikuyankhula.

Sukulu zitatsegulira pambuyo pa tchuthi chachifupi cha mu Okutobala, tinasewera ndi timu imene tinkaigonjetsa nthawi zonse, ndipo inatikwapula. Kugonja si nkhani. Chimene chinandizunguza mutu ndi mmene tinagonjera. Shuta ankazemba womutchinga bwinobwino, n'kuima yekha, manja m'mwamba. Mwana wanga ali ndi mpira pakati, amuyang'ana, kenaka n'kuponyera wina amene wazunguliridwa ndi adani awiri. Winayo naye chimodzimodzi. Mpira unkazungulira ponseponse ngati ukuopa kanthu pansi pa golo paja.

Ndinaganiza kuti ndi vuto la kaseweredwe. Loweruka lotsatira ndinajambula mizere pa bolodi, kusonyeza njira zitatu zofikitsira mpira kutsogolo. Onse anagwedeza mitu. Poyeserera, ndikalamula kuti "kwa shuta", mpira unkapitadi kwa shuta, koma woponyedwa mwaulesi, ngati munthu akutaya chinthu chonyowa. Ndikangosiya kulamula, basi, wayambanso kuzungulira.

Ndi pamene ndinayamba kuyang'ana zina, osati mpira. Ndinaona kuti shuta akufika atavaliratu yunifomu, ndipo tikamaliza akungovala jekete pamwamba pa thukuta n'kutuluka, osalowa m'chipinda chosinthira. Ndinaona botolo lake la madzi litaima lokha kumapeto kwa benchi. Tili ndi tinsalu timene osewera amavala pamwamba, tolembedwa malo amene akusewera, timati mabibu. Tsiku lina ndinauza mtsikana wina kuti asinthane bibu ndi shuta. Analitenga ndi nsonga za zala ziwiri, anzake n'kumaseka atagwira pakamwa. Difenda sanaseke. Anayang'ana kukhoma.

Pobwerera kunyumba ndinafunsa mwana wanga m'galimoto.

"Kodi shuta wakulakwirani chiyani?"

"Palibe, Mami."

"Palibe? Ndiye manja ako amauma ukamuona?"

Anayang'ana pawindo. Kamvula kowaza kaja ka kuno kanali katayamba. Tinadutsa mashopu, tinaima pa maloboti, tinanyamukanso. Sindinamukakamize, mwana ameneyu ukamukakamiza amatseka ngati chitseko cha basi. Tili pafupi kufika anati, "Mulonjeze kuti simukauza Dadi, ndiponso simukanena kutchalitchi."

Ndinalonjeza, ndipo anafotokoza. Pa tchuthi paja wina anajambula shuta ali ku paki, atagwirana manja ndi mtsikana wa sukulu ina, mutu atautsamiritsa paphewa pake. Chithunzicho chinayenda m'mafoni. Atamufunsa, shuta sanakane. Anati inde, ndi chibwenzi chake. Tsiku lomwelo difenda anatsegula gulu latsopano la pafoni la atsikana a timu, shuta osamuikamo. M'gulumo munabadwa lamulo limene palibe analilemba: amene azioneka naye pafupi, ndiye kuti nayenso ndi yemweyo.

"Mpaka kumupatsira mpira?" ndinafunsa.

"Ukamupatsira, iye n'kugoletsa, umayenera kukawombana naye manja kapena kumukumbatira. Ndiye anthu amaona."

Ndinaimitsa galimoto pakhomo, injini ndinazimitsa, koma sindinatuluke. Ndinakulira m'nyumba imene nkhani ngati imeneyi sinkatchulidwa n'komwe, ndipo ikatchulidwa kunja inkabwera ndi mawu onyoza kapena ndi vesi. Ndinama ndikanena kuti mumtima mwanga munali moyera tsiku limenelo. Munali piringupiringu. Koma pamwamba pa zonsezo panali funso limodzi limene linkandiyabwa.

"Iweyo zikukuwawa pati kuti chibwenzi chake ndi mtsikana?"

"Ine sizikundikhudza," anayankha msangamsanga. "Ndi munthu wabwinobwino. Koma ena aja, Mami. Simukuwadziwa ena aja."

"Ena ati?"

"Onse."

Sabata yonse ndili kuntchito, ndikumata timapepala pa mabokosi a mankhwala, liwu lakuti "onse" linkangozungulira m'mutu. Timu ya anthu khumi. Kuchotsapo shuta ndi mwana wanga, atsala asanu ndi atatu. Ndinkawadziwa onsewo: amene amalira akagwa, amene amabwera osadya, amene amaiwala nsapato. Ndinkayesa kuika nkhope iliyonse pa nkhanza ija, sizinkakwana. Ndinkafuna kudziwa kuti chinthu chotere chimayenda bwanji pakati pa ana, chimalowera khomo liti, ndipo amachinyamula ndani.

Kalabu yathu ili ndi mayi wina wachikulire amene amayang'anira za chitetezo cha ana. Ndinamuimbira foni. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena ziwiri: kuti nkhanza zotere malamulo a kalabu amaziletsa monga amaletsera kunyozana khungu, ndiponso kuti ndisachite kalikonse ndisanayankhule ndi mwiniwake. "Nkhaniyo ndi yake," anatero. "Musamuvule pagulu pofuna kumuthandiza." Mawu a khungu aja anandikhala mumtima. Chaka cham'mbuyo, kholo lina la timu ina linanena zachipongwe za mwana wanga ndi difenda, ndipo woyamba kuthamangira kwa woyimbira kukadandaula, nkhope ili psuu, anali shuta yemweyu.

Loweruka ndinamupempha kuti andithandize kukankha chitsulo cha golo kupita nacho kukhoma. Tili kumeneko, ena akutolera mipira chapatali, ndinamuuza kuti ndaona zimene zikuchitika, ndipo ndamva chifukwa chake. Khosi lake linafiira mpaka m'makutu.

"Mundichotsa m'timu?" anafunsa.

Funso limenelo linandilasa. "Ndikuchotse chifukwa chiyani? Azigoletsa ndani, ine?"

Anamwetulira pang'ono. Anati makolo ake akudziwa za chibwenzicho, anawauza yekha, ndipo bambo ake anangoti tsiku lina abwere naye kunyumba adzadye nawo. Koma za ku timu sanawauze, chifukwa bambo akewo akanabwera kudzakalipa, kenaka n'kumuchotsa. Ndinamuuza kuti sindingawabisire makolo ake mpaka kalekale, koma tikhoza kugwirizana kuti awauze yekha sabata imeneyo. Anavomera monyinyirika.

"Nanga ine ukufuna ndichite chiyani?"

"Musaitanitse msonkhano ine ndili pomwepo, onse akundiyang'ana. Sindikufuna andimvere chisoni. Sindikuti andikonde. Ndikungofuna mpira."

Ndinamufunsa ngati angalole kuti ndiyankhule ndi anzake mmodzimmodzi. Anakweza mapewa. "Yesani."

Loweruka lotsatira bambo ake sanangomutula n'kupita monga mwa masiku onse. Anatsika m'vani, anabwera kudzaima pakhomo la holo atapinda manja, malaya akuntchito ali ndi madontho a penti. Anaonerera kwa mphindi khumi, ndipo anaona zimene ine ndinkaona. Kenaka anandiitanira pambali.

"Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ayi," ndinayankha. "Koma ndikuyesa kudziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati akanakonda kumutengera mwana wake ku timu ina tsiku lomwelo, koma mwanayo wakana, wati anayamba ndi iye kufika pano. "Ndikupatsani mpaka Khirisimasi," anatero, n'kubwerera ku vani.

Kufunsa kuja kunanditengera masabata atatu. Wina ndinkamupempha kupopa mipira, wina kupinda mabibu, wina kundinyamulira thumba. Funso linali limodzi, lomwe ndinafunsa mwana wanga lija. Woyamba anali mtsikana wa magalasi amene ankasewera kumbuyo. "Ine ndilibe naye vuto," anatero. "Azakhali anga anakwatirana ndi mkazi mnzawo, ine ndinanyamula maluwa pa ukwati wawo. Koma ena aja akadziwa zimenezo, ndatha." Wachiwiri anati chipembedzo cha kwawo sichilola zoterozo, koma sichilolanso kuzunza munthu, ndipo zikumudya mumtima, koma ena aja. Uja anagwira bibu ndi zala ziwiri analira. Anati anachita zija kuti anzake aseke, chifukwa chaka chatha wosekedwa anali iyeyo pa nkhani ya kunenepa, ndipo sankafuna kubwerera pamalo amenewo. Wing'i wathu, wosewera m'mphepete, kamtsikana kakang'ono kuposa onse, ka makolo a ku India, kamene mawu ake sitinkawamva kawirikawiri, kanangoti, "Ndimamutumizira mauthenga kumbali. Musauze ena aja."

Tsiku limenelo ndinaseka ndekha m'galimoto, ngakhale panalibe choseketsa. Ndinali ngati mlendo amene akufuna mwini nyumba, chipinda chilichonse akumuuza kuti ali chipinda chinacho.

Zinandikumbutsa za ku sekondale yogonera kumene ndinaphunzira. Kunali atsikana awiri a folomu yachitatu amene mphekesera inawagwera yoti ubwenzi wawo wapitirira malire. Tinawapekera nyimbo. Tinkaiyimba pamzere wa chakudya, tikumenya mbale ndi masipuni, ine ndili m'gulu la oyambitsa chifukwa ndinali ndi mawu. Mmodzi anachoka pakati pa teremu. Sutikesi yake anadzaitenga achimwene ake pa njinga. Sindinadziwe ngati mphekeserayo inali yoona, ndipo kunena zoona sindinkasamala. Sindinkadana nawo. Amene anachokayo ankandibwereka sopo. Ndikanafunsidwa pandekha, ndikanayankha ngati ana awa. Koma palibe anatifunsa, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mwa ife oimba aja, ndi angati ankafunadi kuimba.

Difenda ndinamusiya komaliza, chifukwa ndinkayembekeza kuti gwero ndilipeza kwa iyeyo. Amanditchula kuti Anti, ndinamunyamulapo ali khanda. Tinakhala pa benchi ena akuthamanga kuzungulira holo.

"Anti, mukufuna kundikalipira."

"Ndikufuna kumva kaye."

Anapotapota chingwe cha nsapato. Kenaka zinatuluka zonse pamodzi. "Sanandiuze. Zaka zonsezi ine ndimamuuza chilichonse, ndiye ndikadziwire pa chithunzi ngati mlendo? Kenaka ku sukulu anyamata anayamba kunena kuti popeza ndinkagona kwawo, ine ndi mkazi wake woyamba. Analemba pa desiki yanga. Mami akamva zimenezo, Anti, mukuwadziwa."

"Ndiye unaganiza kuti ukamukankhira kutali, iwe uyera."

Misozi inali m'maso koma sanailole kugwa.

"Ukudana naye?"

"Ndamukwiyira," anatero. "N'zosiyana."

Ndinavomereza kuti n'zosiyana. Ndinamuuza kuti mkwiyowo ndi wa iye ndi mnzakeyo, akhoza kuusunga kapena kukambirana naye, koma kusandutsa timu yonse chikwapu chake, zimenezo pabwalo langa ayi. Za pa desiki ndinati ziyenera kukafika kwa aphunzitsi, chifukwa nayenso akuzunzidwa ndi mawu omwewo amene akuzunzira mnzake. Anandiyang'ana modabwa. Zinaoneka kuti sanaganizepo kuti iye ndi shuta amenyedwa ndi ndodo imodzi.

Lamlungu titatuluka m'mapemphero, anthu akumwa tiyi mu holo ya tchalitchi, mayi ake a difenda anandikokera pakona. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anali atangochokera ku shifiti, maso ali ofiira. Mwana wake anali atamuuzako zina.

"Ba sisi, nimvela ati mufunsa bana mafunso," anatero m'Chinyanja chake. "Manje imwe mwayamba kuphunzitsa vinthu va kuno?"

"Ine ndimaphunzitsa kupatsirana mpira, asisi. Ana asiya kupatsirana, ndiye ndikufufuza."

"Mudziwa vamene tikhulupirira."

"Ndikudziwa, timakhala benchi limodzi. Koma tandiuzeni. Mwana wa eni ake azipita kwawo ndi thukuta, kuzizira konseku, chifukwa akuopa kulowa mosinthira, ndipo ochititsa akhale mwana wanu ndi wanga. Ife tizingoonerera?"

Anaika kapu pawindo. Anati shuta uja wakulira m'nyumba mwake, amadziwa ndi zakudya zimene sadya, anamumangapo bala atagwa pa njinga. Kenaka anati, "Sinifuna mwana wanga azivutitsa munthu. Icho nakana. Koma futi sazagonako kuja, ndipo musaniuze ati nisinthe maganizo."

"Sindinakupempheni zimenezo."

Tinasiyana pamenepo, osagwirizana kwenikweni, osakangananso. Sabata yomweyo anapita yekha ku sukulu kukanena za desiki ija, atavala yunifomu yake ya kuntchito, ndipo ndinamva kuti sanadzuke pampando mu ofesi mpaka atamuuza chimene achite.

Kenaka shuta anandiuza kuti Loweruka lina afika mochedwa, akupita kaye kwa dokotala wa mano. Ndinamufunsa ngati ndingayankhule ndi timu iye kulibe. Anati, "Ngati ine palibe, nenani."

Ndinawakhazika pansi mozungulira, pakati pa bwalo. "Ndakufunsani nonse funso limodzi, aliyense payekha," ndinayamba. "Sindinena kuti uyu anati chiyani, uyu anati chiyani. Zimenezo zatsala ndi ine. Koma pafupifupi nonse munandiuza kuti inuyo mulibe naye vuto, vuto ndi ena aja. Ndawafunafuna ena ajawo masabata atatu. M'kabati mulibe, mosinthira mulibe. Alipo angandisonyeze?"

Anayamba kuyang'anana, mwakuba poyamba, kenaka maso ndi maso. Wa magalasi anafunsa mnzake wapambali, "Iwenso?" Winayo anagwedeza mutu. Wina anaseka kaseko kamanyazi, wina anabisa nkhope m'mawondo. Nkhope zimenezo ndimazikumbukira kuposa masewero onse amene tinapambana: ana asanu ndi anayi akuzindikira kuti akhala akuopana okhaokha.

Ndinaika malamulo awiri. Wonyoza mnzake chifukwa cha amene amamukonda, kaya ndi mawu kaya ndi zala ziwiri, akhala pa benchi monga wonyoza khungu. Ndipo amene wamasuka pabwalo apatsidwe mpira. "Zotsalazo sindingakulamuleni," ndinati. "Ubwenzi suyenda ndi wezulo. Koma mukamva wina akunena zoipa, sikuti muyambe ndewu. Mawu awiri akwana. Kapena ingopitani mukaime pafupi ndi amene akunenedwayo."

Ndinkayembekeza kuti mwana wanga ayankhula. Ndinamuyang'ana, iye maso ali pa nsapato. Amene anakweza dzanja anali wing'i. "Tingomubwezera m'gulu," anatero ndi timawu take. Woyang'anira gulu la pafoni lija anali difenda, ndipo onse anatembenukira kwa iye. Anadzuka, anapita pa chikwama chake, anatulutsa foni, anadinadina, n'kuibwezera. Ine sindinamufunsenso kanthu. Patapita kanthawi shuta analowa, tsaya lili lotupa ndi jakisoni wa mano, ndipo tinayamba kuyeserera ngati panalibe chimene chachitika.

Masewero otsatira anali ku Corby. Tinapita pa magalimoto atatu, kudutsa zinyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, malole ali ndandanda pazipata. Holo ya kumeneko inali yozizira moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Zinthu sizinasinthe nthawi yomweyo. Gawo loyamba mpira unkazengerezabe. Chizolowezi cha masabata ambiri sichichoka ndi msonkhano umodzi. Kenaka wing'i analandira mpira m'mphepete, sanayang'ane kwina, anauponya mwamphamvu m'manja mwa shuta. Shuta anaukweza, anaponya, n'kuphonya. Wachiwiri anaphonyanso. Wachitatu unalowa. Wing'i anathamanga, n'kuchita kudumpha kuti afikire dzanja lake, popeza misinkhu inali yosiyana kwambiri, ndipo kuwombana kwawo kunamveka holo yonse. Palibe anaseka. Chigoli chotsatira, wa magalasi anachoka kumbuyo konse kudzawomba nawo. Tinagonjabe ndi zigoli zinayi. Titamaliza, shuta anaima pakhomo la chipinda chosinthira, jekete ili m'manja, osadziwa kolowera. Uja wa zala ziwiri anamugwirira chitseko mpaka analowa.

Pobwerera, titatula ena tatsala awiri m'galimoto, ndinafunsa mwana wanga chifukwa chake sanayambe ndi iye. Ndinafunsa ndi kamkwiyo, ndivomere. Ndinkafuna kuti wolimba mtima akhale wanga.

"Ndine mwana wa kochi, Mami. Ndikanayamba ine, akanati mwandituma. Zikanakhala zanu, osati zathu."

Kaya ananena zoona, kaya anangopeza pobisala, sindikudziwa. Mwina zonse ziwiri. Koma patapita nthawi, pa tsiku lokumana makolo ndi aphunzitsi, mphunzitsi wina anandiuza zimene mwanayo sanandiuze. Anyamata ena atayamba zonyoza zawo mu kantini, mwana wanga ananyamula thireyi yake, anadutsa pakati pawo, anakakhala tebulo la shuta osanena kanthu, n'kupitiriza kudya. Ena awiri anamutsatira.

Khirisimasi inafika, ndipo vani ija inapitiriza kubwera Loweruka lililonse. Difenda ndi shuta sanabwererenso pa ubwenzi wawo wakale. Ankapatsana moni, ankasewera limodzi, basi. Nthawi ina ndinawaona akuyankhulana nthawi yaitali panja pa holo, manja ali m'matumba, koma zimene anakambirana sindinazimve, ndipo chaka chotsatira difenda anasiya netibolo n'kuyamba zothamanga. Ine ndi mayi ake timakhalabe benchi limodzi. Nkhaniyi sitiikamba. Kunyumba, mwana wanga anawauza yekha bambo ake patapita miyezi. Iwo anakanda chibwano, kenaka anafunsa ngati shutayo akugoletsabe.

Mafunso anga sanayankhidwe onse. Pali zimene ndinaphunzitsidwa ndili mwana zimene ndimazitembenuzabe mumtima. Nthawi zina ndimafunsa mwana wanga tanthauzo la mawu atsopano amene ana a kuno amadzitchulira, iye n'kumaseka katchulidwe kanga, koma amandifotokozera. Chimene ndinasiya ndi kudikira kuti ndimvetse zonse ndisanateteze mwana amene waima patsogolo panga.

Atsikana aja tsopano akula, akukonzekera mayeso omaliza, ndipo shuta amasewera timu ya akuluakulu m'tauni. Ine ndili ndi gulu lina, la zaka khumi ndi ziwiri. Mwezi wathawu mtsikana wina wobwera kumene analandidwa mpira, ndipo mokwiya anatchula womulandayo ndi liwu lija la Chingerezi lonena za okondana amuna kapena akazi okhaokha, limene ana amaliponya ngati chitonzo. Ndinali ndikukweza wezulo. Ndisanaimbe, mtsikana wina amene wakhala nafe chaka chimodzi chokha anadutsa pafupi naye, akukonza bibu lake, n'kunena osakweza mawu, "Kuno sititero." Wobwera kumene uja anayang'ana uku ndi uku, sanapeze womuseketsa. Anatola mpira, anaupereka kwa mnzake amene iyeyo anamunyoza uja kuti ayambitse, ndipo tinapitiriza.